Land Cruiser, Hilux, Pajero kapena Patrol yakale? Kaiyeseni pa chitunda cha Thabwa

Mwezi wa Okutobala ukafika, mudzapite ku Chikwawa, ndipo pobwerera mudzanyamuke cha m'ma 1 koloko masana. Mukangodutsa pa Thabwa n'kuyamba kukwera, mudzawerenge galimoto zimene zaima m'mbali mwa msewu boneti ili yasa. Kumunsi kuja, m'mphepete mwa Shire, muli pa mamita pafupifupi 100 pamwamba pa mlingo wa nyanja yamchere, pomwe Blantyre ali pa mamita opitirira 1,000. Kukwera konseko galimoto imakuchita pa mtunda waufupi, m'makona okhaokha, dzuwa likuswa mtengo, mwinanso kutsogolo kuli thiraki ya shuga yochokera ku Nchalo ikukwawa ngati kamba. Galimoto yakale imene ikubisa matenda imaulula pamenepo.

Ine ndinadziwa zimenezi thumba litandipweteka kale. 4x4 yanga yoyamba ndinaigula kwa bambo wina muno mu Blantyre. Inali yonyezimira, mipando yachikopa, ndipo poiyesa ndinangochoka pa Ginnery Corner kukafika ku Limbe n'kubwerera. Pa msewu wa Chipembere galimoto iliyonse ndi yamoyo. Ulendo wachitatu wochokera kumunda, nditanyamula matumba a chitowe ndi anthu anayi, singano ya kutentha inayamba kukwera, ine n'kumati tifike kaye pamwamba. Sitinafike. Atatsegula anapeza kuti thermostat inachotsedwa kalekale, rediyeta yadzaza dzimbiri chifukwa ankathiramo madzi a pamjigo, ndipo hedi yang'aluka. Wolakwa ndinali ine ndemwe, poti singano ndinaiona koma phazi sindinachotse. Inakhala pa galaja miyezi itatu, nkhuku zikuikira mazira pansi pake.

Njira zanga ndi ziwiri: kutsidya la kum'mawa kwa Shire komwe ndimalima, ndi ku Neno kwawo kwa mayi a kunyumba. Zimene ndilembe pano ndaziyeza pa njira zimenezi, pa galimoto zimene ndakhala nazo, zimene ndabwereka, ndi zimene ndathandiza kukoka.

Choyamba, kodi mukuifunadi?

Ambiri amene amandifunsa za 4x4, ndikawafunsitsa, vuto lawo ndi kamsewu kamodzi kochoka pa tala kukafika kunyumba kwawo ku Machinjiri, ku Bangwe kapena kumtunda kwa Chilomoni, kamene mvula ikagwa kamasanduka ngalande. Amenewa akusowa galimoto yotalika miyendo, yoti isamakhule mimba pansi, basi. RAV4 yakale, X-Trail kapena CR-V imakwanira, mafuta imamwa mwaulemu, ndipo ku Zomba Plateau kapena ku Majete m'chilimwe ikafikitsani ndithu.

Zimenezi zimasiyana ndi 4x4 yeniyeni pa chinthu chimodzi chachikulu: zilibe L4, giya yotsika yokokera ndi mawilo onse anayi. Giya imeneyi imachepetsa liwiro la mawilo ndi theka kapena kuposerapo, mphamvu yokoka n'kuchuluka chimodzimodzi. Ndi imene imakulolani kukwera chitunda cha miyala pang'onopang'ono osawotcha kilatchi, kapena kutsika malo oterera phazi lili kutali ndi mabuleki. Ngati pa chaka simudzafika pofuna L4 ngakhale kawiri, lekezani pompano, ndalamayo mukagulire matayala abwino. Koma ngati muli ndi munda ku Livunzu, maliro ndi maukwati a ku Dambe amakukhudzani, kapena mumagula mbewu m'midzi ya ku Phalombe dzinja lili mkati, tiyeni tipitirire.

Land Cruiser ya 1HZ

Ndiyambe ndi imene aliyense amayamba kutchula. Land Cruiser 70 inayamba kupangidwa mu 1984 ndipo mpaka lero ikupangidwabe, maonekedwe ake osasintha kwenikweni. Ndi imene mumaiona ili ambulansi, ili ya apolisi, ili ya mabungwe, ili m'maesiteti a tiyi ku Thyolo. Mtima wake ndi injini ya 1HZ imene inatuluka mu 1990: dizilo, malita 4.2, masilinda sikisi, yopanda turbo, pampu yake yoyenda popanda kompyuta. Mphamvu zake n'zochepa poyerekeza ndi kukula kwake, ndipo n'chifukwa chake imakhalitsa. Sidzipanikiza. Pa chitunda cha Thabwa imakwera ikubuula mu giya yachitatu, Sienta zikuipitirira, koma singano ili phee pakati.

Ubwino wake waukulu suli mu chitsulo chokha ayi. Uli poti makaniko wa pa Ngabu, pa Mwanza kapena pa Migowi anaitsegulapo kale. Ikakufera kumudzi, pamapezeka munthu woidziwa, ndipo sipeya yake ukaimbira foni ku Limbe m'mawa, madzulo yafika pa minibasi. Mawilo akutsogolo ali pa chitsulo chimodzi cholumikiza uku ndi uku, ngati akumbuyo, ndiye ukagunda chigwembe galimoto yonse imanyamuka pamodzi, difu osakhudza pansi.

Zowawa zake nazo si zochepa. Yoyamba ndi mtengo: ngakhale yotopa, yoti yadutsa m'manja mwa madalaivala khumi, eni ake amaitchula mtengo wa nyumba ya ku Chirimba. Yachiwiri ndi msana wanu. Zakale zisanafike 1999 zili ndi masipuling'i a mapepala kutsogolo ndi kumbuyo komwe, ndipo ikakhala yopanda katundu imadumpha ngati ngolo. Agogo a ana anga anakwerapo kamodzi kuchokera ku Neno, pofika pa Zalewa anati, "Mwana wanga, nditsitseni ndikwere basi." Yachitatu ndi mafuta. Yoyenda bwino imakupatsani makilomita 7 kapena 8 pa lita, ndipo pa sevisi iliyonse imameza oyilo pafupifupi malita 10. Kuigwiritsa ntchito kukasiya ana kusukulu ku Namiwawa n'kukafika ku ofesi m'tauni n'kungosakaza.

Pali achibale ake awiri ofewerako. Land Cruiser 80, ya 1990 mpaka 1997, ili ndi masipuling'i ozungulira mawilo onse anayi, ndiye m'zigwembe imayandama bwino. Kwa ine iyi ndiyo yokoma kuposa zonse pa ulendo wautali wa fumbi. Inayo ndi 105, imene inayamba mu 1998: thupi la 100 koma miyendo ya 80, ndipo zambiri zimene zinabwera kuno ndi mabungwe ndi za 1HZ. Mukamaona iliyonse mwa izi, gwadani muyang'ane mkati mwa mawilo akutsogolo. Pakakhala phala lakuda la girizi wosakanikirana ndi oyilo, masilo a pamenepo atha, ndipo ntchito yake ndi ya tsiku lathunthu. Mukapeza 80 yotchipa modabwitsa, funsani injini. Kawirikawiri imakhala ya petulo ya malita 4.5, yolimba ndithu, koma makilomita 5 pa lita ikakupatsani muthokoze.

Prado ndi Surf

Prado kuno ndi dzina la udindo. Munthu akagula, kumudzi amati zake zayera. N'chifukwa chake Prado 90, ya 1996 mpaka 2002, imagulidwabe ngakhale yatha zaka zoposa makumi awiri. Ndipo ndi galimoto yabwino: yofewa pa tala, yokwana banja lonse, mawilo onse anayi amakoka nthawi zonse, L4 ilipo. Hilux Surf ya zaka zomwezo ndi mphwake, injini ndi miyendo n'zofanana, kungoti ndi yaifupi msinkhu ndipo imatsikirako mtengo poti ilibe dzina la bwana.

Zinthu ziwiri muzidziwe musanapereke ndalama. Injini ya dizilo ya 1KZ, ya malita 3.0 ya turbo, ili ndi mphamvu zokoma, koma hedi yake ndi ya aluminiyamu ndipo kutentha siipirira. Ikawira kamodzi kokha mwamphamvu, hedi imang'aluka pakati pa mavalavu. Za otomatiki zimavutika kwambiri pa chitunda chifukwa oyilo wa giyabokosi amaziziritsidwa mu rediyeta yomweyo. Amene 1KZ zawo zakhalitsa ndi amene anasintha rediyeta asanakakamizidwe, amathira coolant osati madzi a pampopi, ndipo amaonetsetsa kuti fani ikugwira injini ikatentha. Surf zakale kwambiri za injini ya 2L-T, ya malita 2.4, matenda omwewa ndi aakulu kuposa apa. Ine sindingaigule ngakhale itatchipa chotani.

Chachiwiri ndi ball joint yapansi ya mawilo akutsogolo. Munaonapo Prado itagwada pakati pa msewu, wilo limodzi litapindikira mkati ngati mbuzi yothyoka mwendo? N'chimenechi. Pa galimoto imeneyi kulemera konse kwa kutsogolo kumaikoka ball joint imeneyo, ndiye ikatha imangosolotoka osachenjeza mokwanira. Apa si pogula yotchipa ya m'kabokosi kopanda dzina. Gulani yeniyeni, musinthe zonse ziwiri tsiku limene mwagula galimotoyo, ngakhale wogulitsa alumbire kuti anasintha dzulo.

Prado 120, kuyambira 2002 mpaka 2009, ndi yabwinoko pa zonsezi, koma za dizilo zambiri ndi za D-4D, zimene ndinene pansipa. Ilipo ya petulo ya malita 2.7 imene anthu amainyoza kuti ndi yaulesi. Ndi yaulesidi, koma sindinamvepo mwini wake akudandaula china kupatula mafuta.

Ma twin cab: Hilux, Isuzu, Hardbody

Apa ndi pamene pali mtima wanga, ndisabise. Munthu wa mu Blantyre amene ali ndi munda, kapena akumanga, kapena amatumidwa kukatenga chimanga kumudzi, amasowa bodi yakumbuyo kuposa mipando yachikopa. Mbuzi sungaikweze mu Prado, pokhapokha ngati sukufuna mtendere kunyumba.

Hilux zakale za injini ya 3L ndi 5L, za malita 2.8 ndi 3.0 zopanda turbo, ndi ana a 1HZ pa khalidwe: zaulesi, zaphokoso, zosafa msanga. Vuto lake n'kupeza yoti sinathe. Zambiri zagwira ntchito ya bulu kwa zaka 25, chesisi inawotcheredwa, bodi inasinthidwa, ndipo mtengo wake sutsika poti dzina ndi Hilux. Zotsatira zake, zimene timazitcha Vigo kapena D-4D, za 2005 mpaka 2015, ndi dziko lina: zamphamvu, zachete, makilomita 10 kapena 11 pa lita pa ulendo wautali. Zambiri zimene zili kuno zinapangidwa ku Durban kapena ku Thailand, ndipo masipeya ake ali mbwee.

Koma D-4D ndi common rail. Dizilo amapopedwa mwamphamvu zoopsa kudzera m'timabowo tosaoneka ndi maso, ndiye kadontho ka madzi kapena kafumbi kamawononga ma injector, ndipo anayi onse pamodzi ndi ndalama yoti mukanagulira kagalimoto kena. Izi zimatikhudza ife kwambiri chifukwa cha mmene mafuta akhala akusowera kuyambira 2022. Munthu wagona pa mzere masiku awiri, wina akubwera ndi chigubu, umagula osafunsa kuti muli chiyani. Dizilo wa m'zigubu nthawi zina amakhala wosakaniza ndi parafini kapena madzi. Injini ya pampu yakale imatsokomola n'kupitirira, ngakhale parafini nayo amaidya pang'onopang'ono. Common rail siikhululuka. Ngati muli nayo, ikani fyuluta yachiwiri yolekanitsa madzi, ndipo zikakukakamizani kugula wa m'chigubu, musefeni pa nsalu yoyera ndipo wa pansi pa chigubu musathire. Pa injini ya 3.0 D-4D palinso timawashala ta pansi pa ma injector timene tikayamba kudontha, utsi umalowa mu oyilo, oyilo n'kuundana, n'kutseka sefa ya mu sampu. Injini imanoka mwini wake akusintha oyilo mokhulupirika. Makaniko woidziwa amayang'ana zimenezi osauzidwa.

Isuzu KB ndi imene ndikuyendera panopa, ya 2.8 turbo yakale. Anthu saisirira, ndiye mtengo wake umakhala wa nzeru. Injini za 4JA1 ndi 4JB1, za malita 2.5 ndi 2.8, zimalira ngati chigayo m'mawa, koma mafuta zimanyambita, ndipo pa Thabwa sinandichititsepo manyazi. Zimene zili kuno zambiri zinachokera ku South Africa, ndiye masipeya amabwera ndi anthu a mabasi a ku Joni. Mkati mwake ndi mwa pulasitiki wophweka, zitseko zimayamba kulira msanga, ndipo ma bush akutsogolo ndimasintha pafupifupi dzinja lililonse. Ndinavomera.

Nissan Hardbody ndi yotchipa kuposa ziwirizi ndipo ntchito imagwira, makamaka za injini zakale za TD27 ndi QD32. Koma ngati muzinyamula banja, dziwani kuti mu 2018 bungwe loyesa chitetezo cha galimoto la Global NCAP litawombetsa NP300 Hardbody yogulitsidwa ku South Africa, inapeza nyenyezi ziro pa chitetezo cha akuluakulu. Kunena zoona, galimoto zonse za m'ma 1990 zimene ndikutchula pano sizingafanane ndi zatsopano pa ngozi. Zambiri zilibe airbag, zina zilibe ABS, ndipo poti ndi zazitali, zimagubuduka msanga ukakhota mwaliwiro.

Mukamagula twin cab, werengani bwino. Zambiri zimene zatukuka m'mwamba ndi matayala akuluakulu ndi zokoka kumbuyo kokha. Suzumirani pansi muone ngati kutsogolo kuli difu.

Pajero

Pajero ndi galimoto imene imapatsa munthu zambiri pa ndalama zochepa tsiku logula, n'kumadzamulipiritsa pambuyo pake. Ya m'badwo wachiwiri, 1991 mpaka 1999, ya injini ya 4M40 ya malita 2.8, ndi yolimba kuposa mbiri yake. Injiniyo ili ndi tcheni m'malo mwa lamba, ndipo chimene ndimaikondera ndi Super Select: mutha kuyenda pa mawilo awiri pa tala youma, mvula ikayamba pa msewu wa Midima n'kulowetsa anayi osaima, osaopa kuwononga kanthu, kenaka m'matope n'kukhoma zonse. Pa nyengo yathu ya dzinja, pomwe tala ndi matope zimasinthana kasanu pa ulendo umodzi, chimenechi n'chothandiza kwambiri. Silo ya pampu ya dizilo imakonda kutha, galimoto n'kumazima m'mawa ikangolira, ndipo hedi yake nayo kutentha siifuna.

Ya m'badwo wachitatu, ya 3.2 DI-D, imathamanga bwino pa tala kuposa Prado ya zaka zake, koma pampu yake ikafa, konzekani kuyenda pansi kwa kanthawi. Za petulo zolembedwa GDI, kuphatikizapo ka Pajero iO kamene kanadzaza m'tauni zaka zapitazo, zisiyeni. Zimadzaza mwaye mkati, pampu yake ya petulo ndi yovuta, ndipo amakaniko ambiri amangoziyesa mwayi. Chinanso: a Mitsubishi anasiya kupanga Pajero mu 2021, ndipo masipeya ake ku Limbe sapezeka mwachangu ngati a Toyota. Tsiku logulitsa mudzaonanso kuti ogula ndi ochepa.

Patrol, Land Rover ndi tating'ono

Nissan Patrol, imene za ku Japan zimalembedwa Safari, ikakhala ya injini ya TD42 ndi mnzake weniweni wa Land Cruiser, mwinanso difu ndi giyabokosi zake n'zolimba kuposa. Injini imeneyi ilibe lamba kapena tcheni, imayendera magiya okhaokha. Mukaipeza ya bwino, Y60 kapena Y61, pa mtengo wotsikirapo poyerekeza ndi Cruiser, musachedwe. Onani kaye ngati ndi ya mabatire awiri opereka mavoti 24 pamodzi, chifukwa babu kapena sitata yake sizipezeka paliponse. Ya ZD30, ya malita 3.0, makamaka zoyambirira za kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, inatchuka ndi kuboola mapisitoni. Dzina ndi limodzi, koma ndi galimoto ziwiri zosiyana.

Land Rover Defender, imene inaleka kupangidwa mu Januwale 2016, m'matope imachita zodabwitsa, ndipo ya 300Tdi, ya 1994 mpaka 1998, makaniko wodekha amaikonza ndi masipanala wamba. Koma imafuna mwini wokonda kugona pansi pa galimoto Loweruka lililonse. Makaniko wanga wa ku Ndirande amati, "Achimwene, imeneyi ikasiya kudontha oyilo ndiye kuti oyilo watha." Thupi lake ndi la aluminiyamu, silichita dzimbiri, ndipo n'limene limapusitsa anthu, poti chesisi ya pansi ndi yachitsulo ndipo zochokera ku UK zimakhala zitadyedwa ndi mchere umene amathira m'misewu nthawi ya chisanu. Discovery yakale yotchipa ndi msampha wa anthu okonda maonekedwe.

Tating'ono tiwiri tisanyozedwe. Suzuki Escudo ya m'ma 1990 mpaka 2005 ili ndi chesisi yeniyeni ndi L4, petulo imamwa ngati galimoto wamba, ndipo kwa mphunzitsi kapena namwino wogwira ntchito kumudzi ndi yokwanira. Jimny, poti ndi yopepuka, imadutsa pamwamba pa matope pomwe Cruiser yalemera n'kutitimira. Ndinaionapo ikuzungulira lole yotitimira ngati ikuseka. Koma anthu anayi ndi thumba limodzi la chimanga yadzaza, ndipo ya 660cc ya turbo, pa ulendo wa ku Lilongwe, imafika itatopa limodzi ndi inu. Funani ya 1.3.

Kuitanitsa kunja kapena kugula konkuno

Kale yankho linali losavuta: itanitsani ku Japan, ifike pa Dar es Salaam, ilowere pa Songwe. Pa 4x4 yakale masamu asintha. Msonkho wa MRA umakwera galimoto ikakhala yakale, umakweranso injini ikakhala yaikulu, ndipo zimene tikukambazi zili ndi zonse ziwiri. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo ndalama zakunja n'zosowa. Pamwamba pa apo, dziko la America limalola kulowetsa galimoto iliyonse imene yakwana zaka 25, ndiye Land Cruiser 80, Prado zakale ndi Defender zabwino za ku Japan akuzilimbirana anthu a madola. Ubwino wa yoitanitsa ndi woti sinalawepo misewu yathu, koma simungaiyese, ndipo zochokera kumadera a chipale chofewa zimabwera ndi dzimbiri pansi.

Yogula konkuno mumaiona ndi maso, n'kuikwera. Za pa okushoni ya mabungwe ndi makampani nthawi zambiri zimakhala ndi mbiri ya sevisi, ngakhale zinayendetsedwa ndi anthu amene sankagula okha masipeya. Kumeneko sakulolani kuiyendetsa, ndiye pitani ndi makaniko, ndipo muike padera ndalama yoikonzera musanakweze dzanja. Za m'manja mwa anthu zimafuna maso awiri: limodzi pa galimoto, lina pa mapepala. Nambala ya chesisi ndi ya injini zifanane ndi za pa blue book, ndipo kusintha umwini mukachite nokha ku Road Traffic pamodzi ndi mwini wake, osati kudzera mwa dobadoba. Injini zambiri za galimoto zimenezi zinasinthidwapo, ndipo ngati mapepala sanasinthidwe, vutolo lidzakhala lanu pa COF kapena pa chipata cha Mwanza.

Injini yotsukidwa mpaka kuwala indichititsa mantha kuposa yafumbi. Chikomekome cha nkuyu, mkati muli nyerere.

Zimene zimapha galimotozi ndi ife eni

Hilux, Isuzu, Hardbody, Patrol, Cruiser 70, Escudo ndi Jimny zimayenda pa mawilo awiri, anayi n'kulowetsa pofunika. Zilibe difu yapakati, ndiye ukaziyendetsa mu H4, giya yokokera ndi mawilo onse anayi pa liwiro wamba, pa tala youma, mawilo akutsogolo ndi akumbuyo amakanganirana pa kona iliyonse, mpaka chiwongolero chimalimba, giya imakana kutuluka, ndipo china chake chimathyoka. Mukafika pa tala tulutsani. Ikakana, bwererani m'mbuyo mamita angapo, imamasuka. Ngati mawilo akutsogolo ali ndi ma hub otembenuza ndi dzanja, akhomeni pa LOCK musanalowe m'matope. Ndaonapo bambo wa suti atatitimira pa Nkhate, giya ili mu L4, mawilo akumbuyo akukumba dzenje, akutsogolo ali chete, iye akutukwana galimoto. Mwana wa sukulu ndiye anamuonetsa.

Dothi la makande la kuchigwa likanyowa limamata matayala mpaka kusalala ngati sopo. Pamenepo 4x4 ya matayala a m'tauni ndi chimodzimodzi Corolla. Matayala a A/T, oyenda pa tala ndi pa fumbi pomwe, ndiwo oyenera ambirife. A M/T, a mano akuluakulu, amagwira m'matope koma pa tala amalira, amatha msanga, ndipo pa tala yonyowa saima bwino. Mumchenga phwetsani matayala pang'ono, koma mukhale ndi pampu yopopera mukatuluka.

Madzi ndiwo oopsa kuposa zonse. Chichokereni namondwe Ana mu Januwale 2022 ndi Freddy mu Malichi 2023, mitsinje yambiri ya kuchigwa inadzaza mchenga ndipo ina inasintha njira, moti pamene munawoloka chaka chatha lero pakhoza kukhala phompho. Tsikani, muone pamene akudutsa a njinga, mufunse anyamata a pamenepo. Madzi othamanga ofika m'mawondo si oyesa. Injini ya dizilo ikamwa madzi ngakhale kapu imodzi kudzera kopumira, zitsulo za mkati zimapindika nthawi yomweyo. Ikazima pakati pa madzi musailizenso. Mukawoloka malo akuya, mawa lake tsegulani madifu muone oyilo. Akaoneka ngati tiyi wamkaka, mwalowa madzi, sinthani.

Potsika ku Chikwawa, giya imene mungakwerere ndi imene mutsikire. Galimoto ya matani awiri ndi theka ikatsika chitunda chonse chija pa mabuleki, pofika kumunsi amakhala atapsa, phazi likungolowa. Za otomatiki ikani pa 2.

Ndiye ndigule iti?

Mukandipanikiza, ndinena motere. Amene moyo wake uli kumapiri a Neno kapena kutsidya kwa Shire dzinja lonse, ndipo mafuta amalipira ndi bizinesi, agule Land Cruiser ya 1HZ kapena Patrol ya TD42, asayang'ane kwina. Wa munda ndi zomangamanga, amene sabata yonse ali m'tauni, twin cab ya Isuzu kapena Hilux, ndipo ngati mafuta amagula malo okayikitsa asankhe ya pampu yakale. Wa banja lalikulu wofuna kufewa, Prado, atapatula ndalama ya rediyeta, ball joint ndi timing belt mwezi woyamba. Pajero ya 2.8 ndi ya munthu amene ali kale ndi makaniko woidziwa. Wa malipiro a pamwezi amene akungofuna kufika kumudzi, Escudo.

Iliyonse mwa izi, musakaione masana itatenthetsedwa kale. Fikani m'mawa, mugwire boneti kuti muone ngati yazizira, muilize nokha. Utsi woyera wosatha, kapena thovu lotuluka pa rediyeta chitsekerero chitachotsedwa, ndi hedi. Pezani malo afumbi mulowetse H4 ndi L4, mumve ngati zikugwira ndi kutuluka. Kenaka muuze mwini wake kuti mafuta muthira ndinu, mutenge anzanu atatu olemera bwino, mutsike mpaka pa mlatho wa Kamuzu, mudye nsomba, mudikire dzuwa lifike paliwombo, mukwere mutayatsa AC. Wogulitsa wina nditamuuza zimenezi anati galimotoyo ili ndi ulendo mawa, adzandiimbira. Chaka chatha tsopano, foni yake sinalowebe.